Makalata a Pensulo

"Mawu amenewo asalembedwe pamwala," anatero mwana wamkazi wa malemu, akukankhira pepala kwa bambo ake aang'ono.

Panali patapita masiku atatu chiikireni maliro. Mipando yobwereka inali idakali yosanjikiza pakhonde, ndipo wosema miyala ya pamanda ankadikira yankho. Papepalapo bambo aang'onowo anali atalemba dzina la akulu awo, pansi pake n'kuikapo "Loya Wolemekezeka".

"Munthu waimirira m'khoti zaka makumi awiri, iwe n'kumati tisalembe? Sukulu yako ya zamalamulo ija anakulipirira ndani?"

"Anandilipirira ndi anthu aja anavulala kufakitale, bambo. Chipukuta misozi chawo chinathera m'manja mwa akulu anu. Khoti linawapeza olakwa, anakhala kundende zaka zinayi, dzina lawo linafufutidwa m'kaundula wa maloya. Mukufuna tikaname pamanda?"

"Ukulankhula ngati woweruza. Amene wapitayu ndi bambo ako."

Mwana wamkaziyo nayenso tsopano anali loya, ku ofesi yothandiza osauka pa milandu, ndipo kuntchitoko ankadziwika ndi dzina la kwa mayi ake. Chitulukire bambo ake kundende, ankabwera kunyumbako kamodzi pamwezi, kuwapatsa moni ali chiimire, n'kudutsira kukhitchini. Pamaliro sipanaoneke loya ndi mmodzi yemwe. Mtima wake unapepuka nazo, ndipo kupepukako kunamuchititsa manyazi.

Mayi ake ankangopinda malaya a amuna awo, kuwafunyulula, kuwapindanso.

Kunamveka odi kukhomo lakuseri. Anali bambo wina wa jekete lothetheka, envelopu ili kukhwapa. Anati anali mlonda, anamuchotsa ntchito osamupatsa kanthu, ndipo abwana a kachipinda kakuseri anamuuza kuti abwere lero adzatenge mapepala ake. Mayi atamuuza kuti abwanawo, amuna awo, anamwalira, anavula chipewa n'kukhala pansi pomwepo.

"Mlungu wathawu ankatsokomola," anatero. "Ndinawauza kuti apumule."

Mayi anatenga kiyi, onse n'kuwatsatira. Mwana wamkaziyo anali asanalowemo m'kachipindako. Ankaganiza kuti bambo ake ankangobisalamo anthu. Munali tebulo lopangidwa ndi chitseko chakale, mipando iwiri, ndi milu ya mapepala omangidwa ndi ulusi. Mayi anapeza mulu wa mlondayo n'kumupatsira mwana wawo.

Zonse zinali m'dongosolo: kalata yolembera ntchito, ya chenjezo, yochotsera, kenako nkhani yonse yolembedwa ndi pensulo, m'zilembo zopendekera zomwe iye anazidziwa kuyambira ali mwana. Panalibe siginecha. Pamwamba panalembedwa kuti: "Ine si loya. Pitani nazo ku ofesi yothandiza osauka, chipinda chachitatu, mukafunse mayi wamagalasi."

Mwana wamkaziyo anavula magalasi ake n'kuwagwira m'manja. Kwa zaka zisanu anthu anakhala akumupeza kuofesi atanyamula mapepala osanjidwa chonchi, atawakopera okha ndi inki. Akawafunsa amene wawathandiza, ankangoti ndi munthu wina wake.

"Ankatiletsa kuwatchula," anatero mlonda. "Ankati mayiyo ndi katswiri, koma akamva dzina langa mlandu wanu anyansidwa nawo."

Bambo aang'ono anaima pakhomo, akusuzumira milu ya mapepalayo.

"Mayi, bwanji simunandiuze?" anafunsa mwana wamkaziyo.

"Ukanakhala pansi n'kumva?"

Mwanayo anakoka mpando wa bambo ake, koma sanakhalepo. Anangogwira chotsamira chake, chomwe chinali chitasalala ndi msana wa munthu.

"Mubwere Lolemba m'mawa," anauza mlonda uja. "Chipinda chachitatu."

Mlondayo anamuyang'anitsitsa, kenako anawerama. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kandalama kopindapinda n'kukaika patebulo. Anati akudziwa kuti n'kochepa, koma sangachoke pakhomo pa munthu wotere chimanjamanja.

Mayi anatsegula dilowa, natulutsamo lula yathabwa. Anaika nsonga yake pakandalamako n'kukakankha pang'onopang'ono mpaka kanafika m'mphepete mwa tebulo, kutsogolo kwa mwini wake.

"Chitulukire kuja," anatero mayiwo, "sanakhudzeponso ndalama ya munthu ndi dzanja."

Mlonda anaseka pang'ono, misozi ili m'maso.

"Ankatero ndithu," anatero, natola kandalama kake.