Ambulansi sinadikire amalume

Fauziya anabwerera ku ntchito ku Balaka Lolemba, patangopita masiku anayi chiikire m'manda mng'ono wake Asiya. Anzake anamupepesa, iye n'kuyankha bwinobwino, n'kutsegula laputopu. Mumtima munangoti zii. Sankamva chisoni, sankamva mkwiyo, sankamva kalikonse.

Ntchito yake inali yolemba zimene pulogalamu ya pa kompyuta yoitanira ambulansi m'zipatala zing'onozing'ono iyenera kuchita zinthu zikavuta. Ndipo tisanamizane, mtsikanayu ntchito ankaidziwa. Netiweki ikathawa, uthenga upite pa foni wamba. Magetsi akazima, namwino alembe papepala. Odwala akakhala awiri ambulansi imodzi, namwino akapanda kutsimikiza m'mphindi makumi atatu kuti wodwala wake wakonzeka, galimoto ipite kwa winayo. Lamulo lomalizali analilemba yekha, mabwana n'kumuombera m'manja.

Lachinayi lija masana, pa kachipatala ka kwawo kwa Mposa, mwana anapingasa m'mimba mwa Asiya pa nthawi yobereka. Netiweki inalipo, magetsi analipo, namwino anaitana ambulansi. Koma amayi a Asiya anati iyayi, mwana wawo sangapite kukang'ambidwa amalume ake, a Sidik, eni mbumba, asanavomere. A Sidikiwo anali ku Nkaya kogula mbuzi, foni ataisiya m'chikwama cha panjinga. Mphindi zija zinatha. Pulogalamu inachita ndendende zimene inauzidwa. Pamene amalume ankati "mutengeni," galimoto n'kuti itanyamula kale munthu wina.

Uyutu ndi Fauziya amene anakulira m'mbumba yomweyo, amene ngakhale popita ku koleji anayamba wadikira mawu a amalume omwewo. Polemba malamulo aja anafunsa anamwino mafunso ambirimbiri, za mafuta, za milatho, za mabatire. Za amalume sanafunse. Kwa iye limenelo silinali vuto, anali makhalidwe a tsiku ndi tsiku basi.

A Lloyd, bwana wake, anaima kumbuyo kwake.

"Mukanayamba mwapumulako, achemwali."

"Iyayi, pali china chimene ndinasiya," anayankha.

Anatsegula fomu yolembapo zovuta zatsopano. Vuto: achibale akudikira chilolezo cha mwini mbumba. Chochita: ambulansi isatembenuke, namwino aimbiridwe kaye. Zala zinkayenda zokha. Bokosi lomaliza linkafunsa kuti vutoli lachitikapo kangati, chifukwa kampani imayamba kukonza zimene zimachitikachitika.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analemba kuti kamodzi.

Kompyuta inatenga vutolo n'kuliika pansi penipeni, pa mndandanda wa zokonza chaka chamawa.