Mkanjo wa Che Bilali

Makina analira kuti gwe, singano n'kuima. Husna anatembenuza nsalu yoyera ija. Kunsi kwake ulusi unali utamanga chisa ngati cha mpheta. Ukwati wa mwana wake Salma unali mawa lake kumzikiti wa ku Chikweo, koma diresi inalibe ngakhale mkono umodzi.

Anachotsa bobini, nasintha singano, nalowetsanso ulusi, n'kupondanso. Chisa china.

"Mwakalamba, amake Salma," anatero mwamuna wake, Che Bilali, akupukuta njinga pakhomo. "Ku Joni ine ndinaona makina osoka okha, mwini wake akumwa tiyi. Ndiye ku Nampula..."

"Ku Joni munabwerako ndi mkanjo umodzi ndi pakamwa," anayankha Husna osacheuka. "Anzanu anabwera ndi malata."

Bilali anaseka, n'kuzunguza pedulo. Tcheni ija inkasokosa ngati nkhanga chaka chonse, koma lero inali zii, ikunyezimira. Husna anaiyang'anitsitsa, kenako anapendeketsa mutu wa makina ake. Nyerere! Zinandanda mzere mpaka pogona bobini, pomwe mafuta ndi ubweya wa nsalu zinaundana ngati phula. Ananunkhiza kabotolo ka mafuta komwe anadonthezera makina dzana. Kankamveka fungo la usipa wokazinga.

"Che Bilali, mafuta a makina anga mwamwetsa njinga?"

"Iyayi, ndinangobwereka. Ndinabwezeramo a m'chiwaya. Mafuta ndi mafuta, mayi."

"Eya, nayenso khwangwala ndi nkhuku."

Apo ndi pomwe Husna anaona banga lachikasu pachifuwa penipeni pa diresi. Anayesa sopo, banga linangokula. Nsalu yotsala panalibe, ndipo yotero inkapezeka ku Liwonde basi.

Sanakalipe. Anatsuka makina ndi parafini, nayesa pakansanza, msoko unayenda myaa. Kenako analowa kuchipinda, natuluka ndi mkanjo woyera wa ku Joni uja, womwe Bilali anausita yekha m'mawa kuti akakhale pafupi ndi shehe anthu akumuona.

"Mukupita nawo kuti umenewo?" anafunsa Bilali, njinga n'kugwa.

"Ndikungobwereka," anatero Husna, sizasi italuma kale. "Ndikubwezerani thumba la feteleza, nalonso n'loyera. Nsalu ndi nsalu, bambo."

Mawa lake Salma anawala kumzikiti. Bambo ake anakhala mzere wakumbuyo m'malaya a mlamu wawo, ndipo za ku Joni sanazitchule.