Tsiku Limene Ndinafunditsa Kompyuta Bulangeti

Ine mantha sindibisa. Ndimaopa njinga zamoto za pamsewu wa ku Santhe, ndimaopa mphenzi, ndimaopa mankhwala a fodya amene Esau, mwana wanga, amasiya pakhonde ngati pakhomo pano palibe ana. Anthu amandiseka, koma ana asanu ndinalera ine, ndipo onse zala zawo n'zokwanira.

Chaka chimenecho dzina langa linatuluka pa makuponi a fetereza, chimanga chinachita bwino, fodyanso anadzaza chigafa mpaka kudenga. M'pamene anabwera Fainala, mwana wa Esau, amene amaphunzira za makompyuta kusukulu yaukachenjede ku Blantyre. Anafika Lachitatu kuti abwerere Lamulungu. Lolemba anali woti akaonetse aphunzitsi ntchito yake yomaliza, kafilimu kopanga pakompyuta, ndipo ikakakanika, abwereza chaka chonse.

"Agogo, bwerani mudzaone kwanu," anandiitana atakhala pathumba la fetereza mumthunzi wa chigafa, kompyuta ili pamiyendo.

"Chotsa chinthucho pamiyendo, sudzabereka," ndinamuchenjeza, koma ndinapita.

Pagalasi paja panali pakhomo pathu penipeni. Chigafa, khola la mbuzi, mtengo wa mango wopendekeka uja, fodya ali lendelende pamikangala. Pakati pabwalo panaima kankhalamba kovala duku lofiira.

"Nanga ameneyo ndani?"

"Ndinu."

"Ine ndili pano."

Anadina ndi chala, kankhalamba kaja n'kuyamba kuyenda. Kanafika pamzati wa chigafa, osaima, kanangodutsa pakati pa mtengo ngati utsi. Ndisanatseke pakamwa, kanayamba kumira m'nthaka. Miyendo, chiuno, mapewa, duku n'kutsirizira. Ndipo ndinaona chinanso: dzuwa linalipo, koma munthuyo analibe chithunzithunzi.

"Mayo ine! Wandikwirira ndili moyo!"

Esau, amene amasoka fodya chapafupi, anaseka mpaka singano kumugwa.

"Seka, galu iwe. Mayi ako akulowa pansi, iwe mano pamtunda. Fainala, undichotse m'menemo lero lomwe."

Mwana anandigwira dzanja. "Agogo, anzanga onse apanga magalimoto othamanga ndi asilikali owomberana. Ine ndikufuna aphunzitsi akaone kwathu. Ndiye kwathu kopanda inu n'kwathu? Mundipatse mpaka Loweruka. Mukakhala kuti simunaime bwino panthaka, ndi chithunzithunzi chanu pambali, ndikuchotsani ndekha."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Lachinayi m'mawa anandifotokozera chimene chimandimiza. Akuti kompyuta siiyang'ana mosalekeza, imaphethira. Ikatsegula maso ndili pamwamba pa nthaka, ikaphethira n'kutsegulanso ndadutsa kale, ndiye siidziwa kuti ndinagunda kanthu. Anati andipatsa ndodo yosaoneka yoti izitsogola kukhudza kutsogolo ndi pansi phazi lisanaponde, monga amachitira a Yobu akhungu a kutchalitchi kwathu. Zimenezo ndinazikonda. Munthu aziyenda akufufuza.

Za chithunzithunzi anatenga chingwe chathu chobzalira chimanga, cha mfundomfundo chija. Nsonga ina anaigwira padiso pake, ina anandipatsa kuti ndikaigunditse pansi pafupi ndi mzati.

"Kadontho kalikonse ka pagalasipa kamaponya chingwe chotere kuchoka m'diso. Pamene chagunda, timaponyanso china kulunjika kudzuwa. Chikafika osakodwa, pamenepo pawala. Chikakodwa patsamba kapena pamutu panu, pamenepo pali mthunzi."

"Zingwe zingati?"

"Zoposa mbewu za m'nkhokwe yanu. Ndipo chingwe chilichonse chimafunsa tsamba lililonse la m'chigafa kuti, kodi ndakugunda? N'chifukwa chake zitenga masiku awiri kuti kafilimu kanu kathe."

Anaika kompyuta pampando pakhonde, nailumikiza kubatire ya sola, n'kuiyambitsa. Inayamba kulira ngati ng'ombe yodwala. Zithunzi zimatuluka chimodzichimodzi, chilichonse kuyambira pamwamba kutsika pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Ine ndimadutsa patali.

Loweruka m'mawa Fainala anapita ndi bambo ake kumunda kukathyola fodya wotsala, poti mitambo inali ikuopseza.

"Agogo, muziingoyang'anira nkhuku zisakwerepo. Musaikhudze."

"Ndiikhudze ine? Ndapenga?"

Ndinakhala potero ndikusenda nyemba, diso lili komweko. Chithunzi chatsopano chinayamba. Denga la chigafa, masamba, kenako duku langa, chipumi, mphuno, chibwano. Pamenepo chinachedwa. Mutu wanga wokha uli m'malere, pansi pake mdima bii.

Ndiye ndinamva, "Odi kuno!"

Anali a Feggie, oyandikana nawo nyumba. A Feggie ndi munthu wabwino, pamaliro amafika oyamba, koma chimene aona m'mawa, pofika masana chamveka pamjigo, kuchigayo ndi kumvano. Aone mutu wanga wopanda thupi m'galasi, m'nyumba ya mwana wanga amene fodya wake wachita bwino kuposa wa anzake? Akanati chiyani anthu? Ndinavula chitenje cha pamwamba n'kuponya pakompyuta. Kulira kuja kumamvekabe. Ndinathamangira m'nyumba, n'kutenga bulangeti la Esau lolemera lija, kulipinda kawiri, n'kufunditsa bwinobwino mpaka pansi.

"Mwaphimba chiyani apo, anzanga?"

"Thobwa. Silinapse."

A Feggie anakhala. Anandithandiza kusenda nyemba, anandiuza za mkamwini wawo waulesi, za amene anagulitsa kuponi yake n'kugulira wailesi, za mwendo wawo. Dzuwa linafika pamutu. Atatsanzika ndinathamanga kukavundukula. Kunali zii. Galasi lakuda, chinthu chikutentha ngati mwala wa pamoto, kafungo ka pulasitiki kali guu.

Fainala atafika ndi bambo ake anayang'ana bulangeti, anayang'ana ine. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokhala pansi, manja akuda ndi utomoni wa fodya ali pamutu.

"Ndapha, eti?" ndinafunsa.

"Imapumira pansipa, agogo. Mwaitseka mphuno."

Tinadikira kuti izizire. Atadina, inayaka, ine n'kuti zikomo Ambuye. Koma mwana anapukusa mutu. Ntchito ya masiku awiri inali itapita yonse.

"Kupusa n'kwanga. Sindinaiuze kuti izisunga chithunzi chilichonse ikamaliza," anatero. "Mawa ndikwera. Masiku awiri ena ndiwatenga kuti?"

Chaka chathunthu cha mwana, ine n'kuchifunditsa bulangeti chifukwa cha pakamwa pa a Feggie. Ndinakhala pambali pake.

"Palibe njira ina?"

"Ilipo yachidule. Anatiphunzitsa. Koma ndimaiopa. Ndikalakwitsa pang'ono ndiwononga ndi zimene zikuyenda kale."

"Mantha amenewa watengera yani, mwana iwe?"

Esau anatsokomola. Fainala anaseka misozi ili m'maso.

Anandifotokozera akusamba m'manja ndi sopo. M'malo moti chingwe chizifunsa tsamba lililonse, amanga mipanda yosaoneka. Mpanda waukulu kuzungulira chigafa chonse, m'kati mwake mipanda ya zipinda, m'kati mwa chipinda kampanda ka mkangala uliwonse. Chingwe chikadutsa kunja kwa mpanda waukulu, basi, masamba onse aja safunsidwanso. Chikalowa, chimafunsa chipinda chimene chalowamo chokha, kenako mkangala umodzi, kenako timasamba tochepa. Ndodo yanga yofufuzira ija nayonso izitero.

"Ndiye mpanda umaopa chiyani? Choopsa n'kukhala popanda mpanda. Manga."

Esau anabweretsa njerwa ziwiri, n'kukhazikapo kompyuta kuti mphepo izidutsa pansi. Ine ndinatenga lichero, ndinagwada pambali, n'kuyamba kuikupiza.

"Agogo, sizofunika zimenezo."

"Iwe lemba. Ndinaitseka mphuno ndine."

Analemba, zala zikuthamanga, milomo ikuyenda yokha. Kuyesa koyamba, theka la fodya linasowa m'chigafa.

"Akuba!" anakuwa Esau. "Mayi, mwagona pa ulonda."

"Choka apa, ukagwire mbuzi."

Kuyesa kwachiwiri, masamba anabwerera, koma mbuzi inaima pamwamba pa denga. Fainala analuma chala, n'kuwerenganso zimene analemba kuyambira pamwamba, mwakachetechete. Mikono yanga inali itayamba kuwawa, ndinasintha dzanja. Mthunzi wa mango unali utafika pakhonde. Mumtima ndimangoti, Ambuye, dzuwa ili muligwire pang'ono.

"Apa! Ndinasokoneza kumanja ndi kumanzere."

Anakonza, n'kudina. Chithunzi chimene chimatenga nthawi yophika nyemba chinatsika chonse ndisanakupize kakhumi. China. Chinanso. Fainala anagwira pakamwa. Ine sindinasiye lichero, ndimaopa kuti ndikasiya ziima.

Nkhuku zisanayambe kulowa, kafilimu kanali katatha. Tinaunjikana atatu.

Kankhalamba kaja kananyamuka pabwalo, mapazi akuponda nthaka ngati a munthu. Pambali pake chithunzithunzi chikutsatira, chowerama msana ngati mwini wake. Kanafika pamzati. Ndinagwira mkono wa Esau. Kanaima, n'kulambalala, n'kulowa m'chigafa. M'katimo kuwala kumadontha pakati pa masamba, timadontho tadzuwa tikuyenda paduku ndi pamapewa, monga zimakhalira ndikalowa m'mawa kukaona ngati fodya wagwira nkhungu. Zaka zonsezi ndimalowamo ndikuyang'ana zoola zokhazokha. Sindinadziwe kuti mumakongola chotero.

"Ndiye ndikuchotseni?" anafunsa Fainala chapansipansi.

"Bwezanso ndione."

Anabweza katatu.

"Msanawo wauwerametsa kwambiri," ndinatero. "Koma agogo akowo asiye apite. Uwanyamule pamiyendo, osati pakaliyala. Mvula ikayamba, m'pepala la pulasitiki. Ndipo usakawasiye okha ndi anthu osawadziwa."

Lolemba sindinadye. Ndinakhala pafupi ndi Esau tsiku lonse ngati mwana, mpaka anadandaula kuti ndikumuponda. Chakumasana foni yake inalira, n'kundipatsa.

"Agogo! Ndakhoza! Aphunzitsi anaimitsa filimu pamene mukulowa m'chigafa, akuti kuwala kumeneko sanakuonepo kwa wophunzira. Anafunsa kuti mayi amenewa ndani."

"Sunawauze dzina langa?"

"Ndawauza."

"Ndi mudzi womwe?"

"Ndi mudzi womwe. Akuti adzabwera kudzakuonani."

"Mayo ine! Esau, wamva? Kukubwera alendo. Mankhwala aja uchotse pakhonde, ndipo mzati wa chigafa uja ukugwedera, udzagwera mphunzitsi wa mwana."