Nambala ya Kuchikuto

Leon Dombek atalowa mu ofesi ya kapitawo, a Pruitt, anapeza kabuku ka zithunzi kali chafufumimba patebulo. Kuchikuto kunali chidindo: 4417. Nambala yake ya ntchito!

Chaka chimenecho, 1952, timabukuti ankatigawa pageti la fakitale ya zitsulo ku Ohio Lachisanu lililonse. Munali wantchito womwetulira, wokonda bwana wake, ndi chimunthu cha mano akuthwa chonyengerera anthu kunyanyala ntchito. Ankawerenga ndani zimenezo? Anthu ankangotiyala m'jombo kuti chisanu chisalowe. Zoti kalikonse kali ndi nambala ya mwiniwake, palibe anaziona.

A Pruitt anakatembenuza. Chimunthu chija winawake anachijambulira chipewa, ndevu ndi chimimba, n'kukhala mwini fakitale weniweni, osaphonya ngakhale njerewere.

"Tinakapeza katakhomedwa kuchimbudzi. Luso ndithu, eti Dombek?"

Kabukuko Leon anali atapatsa mlamu wake Zygmunt, mnzake wa pafakitalepo, yemwe jombo yake inali yoboola. "Alamu, tabwerekeni bwana wanuyo ndimuponde," anatero Zygmunt tsikulo, onse n'kufa nacho chiseko. Koma masiku amenewo wonyoza bwana ankatchedwa wachikomyunizimu, ndipo ukangotchedwa choncho, mageti a mafakitale onse a m'deralo ankakutsekera. Ndipo Zygmunt anali ndi ana asanu, ana a Irena, mlongo wake wa Leon. Leonyo analibe ndi mphaka yemwe. Chibale ndi fupa, sichiola.

"Ndinajambula ndine, bwana."

"Iweyo?"

"Ine ndemwe. Ndichotseni basi."

A Pruitt sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa kwambiri. Anangotsegula kabati, n'kutulutsa kabuku kena katsopano ndi pensulo.

"Usathamange, mphwanga. Tandijambulirenso. Ndimakonda zithunzi ine."

Kalanga ine, zala za Leon! Zaka makumi awiri zikugwira mbaniro za chitsulo chamoto, pensulo inali ngati kaudzu. Anayesa chipewa, chinatuluka ngati mphika. Anayesa ndevu, pepala linabooka. Thukuta linadontha pa wantchito womwetulira uja.

Kapitawo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anadzuka, n'kukaima pawindo loyang'ana kung'anjo, kumene anthu ankakoka zitsulo mu utsi.

"Bwerera kuntchito, Dombek. Uzikalonjera kunyumba kwa mlongo wako."

Leon anatsika masitepe. Pansipo Zygmunt anamukwezera dzanja akuseka, pensulo ili pakhutu.