Kalata Pansi pa Mwendo wa Tebulo

Mayi wina, telala, anapeza kalata Lachiwiri, akukolopa m'nyumba ya mng'ono wake. Inali yopindidwa kanayi, itatsamiritsidwa pansi pa mwendo wa tebulo kuti lisamagwedere.

Mng'ono wakeyo anali atadwala zaka zinayi. Madokotala ankati chitetezo cha m'thupi mwake chikuwononga minyewa yake yomwe, n'chifukwa chake miyendo inkachita dzanzi, kapu n'kumamupulumuka m'manja. Chaka chathachi analembetsa pa kafukufuku wina wa kuchipatala. Kumeneko ankatenga asilikali a m'magazi a munthu wathanzi, n'kuwaphunzitsa kusaka kachilombo kamene ankakaganizira kuti ndiko kamayambitsa matendawo, kenako n'kuwalowetsa m'thupi mwa wodwala kudzera pa diripi. Malo anali ochepa. Kalatayo inkati wasankhidwa, ndipo tsiku lomwe anamuitanira linali litadutsa ndi masabata atatu.

Telalayo anatuluka nayo panja, pomwe mlamu wake ankapukuta njinga yamoto.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Mlamuyo sanadzutse n'komwe mutu. "Mkazi wanga si khoswe woyeserapo mankhwala. Magazi a munthu wosamudziwa? Toto."

"Mwini wake munamufunsa?"

"Mutu wa banja ndine."

"Mutu! Amagwa m'bafa uja ndinu? Mwana wa mayi anga wakhala akufunsa tsiku ndi tsiku ngati achipatala ayankha, inu n'kumati ayi, uku mukudyera pamwamba pa yankho lakelo. Manyazi mulibe?"

Wodwalayo anali atafika pakhomo, atagwira chitseko ndi manja awiri. Anamva zonse koma sanalire.

"Achemwali, ndipatseniko nsapato zanga," anatero.

Kuchipatala namwino sanawabisire. Anali ataimba foni katatu, mwamuna wa wodwalayo n'kunena kuti mkazi wake wakana, choncho malowo anapatsidwa kwa wina. Gulu lotsatira linali loti lidzayamba pakatha miyezi isanu ndi itatu, ndipo ankatenga okhawo amene akuyendabe okha. Komanso panalibe amene ankalonjeza kuti mankhwalawo adzathandiza.

"Athandize asathandize, wokana ndizikhala ine," anatero wodwalayo, n'kusaina fomu yatsopano.

Pamzere wa nambala ya foni, telalayo analemba yake, akudinikiza cholembera mpaka pepala kubooka.

Chakumadzulo mlamu uja anabwera kushopu ya telalayo kudzatenga mkazi wake. Anamupeza atakhala pambali pa makina osokera, akukulunga ulusi pang'onopang'ono. Telalayo anatsegula pakamwa kuti ayambe, koma mng'ono wake anamugwira mkono.

"Pitani, bambo," anatero kwa mwamuna wake. "Ndikafuna kubwerera ndidzakuuzani ndekha."