Chimfine cha Mphuno

Anthu sankabwera mushopu ya nsapato za masinika zakaunjika ija chifukwa cha magalasi owala kapena nyimbo. Ankabwera chifukwa cha Mphuno. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala, poti iye nsapato ankaiyamba ndi kuinunkhiza. Ankalowetsa mphuno yonse m'katimo, maso ali chitsekere. Ya orijino yovalidwapo imanunkha phazi la mwini wake woyamba. Yafeki imanunkha guluu woboola m'mutu. Akatero ankatembenuza lilime la nsapatoyo, n'kuyendetsa chala pamsoko, n'kupinda soli. Akangogwedeza mutu kuvomera, munthu ankagula osafunsanso.

Koma shopuyo sinali yake. Inali ya alamu ake, amuna a achemwali ake aakulu. Kachipinda komwe ankagona kuseri kwa garaja kanalinso ka alamu omwewo, ngakhale bulangete lenilenilo. Paja mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo chingwe cha Mphuno chinali chachifupi.

M'mawa wina alamuwo anatsitsa makatoni m'galimoto, nkhope ili mwee! Mphuno anatola nsapato imodzi, ndipo asanaifikitse n'kumaso komwe anadziwa.

"Alamu, izitu sizinavalidwepo. Angozikhula pasimenti kuti zioneke zakale. Mulibe phazi umu, muli guluu yekhayekha."

"Ndakufunsani?" anatero alamuwo. "Inu ntchito yanu ndi kugwedeza mutu. Kapena kachipinda kaja kakucheperani?"

Mphuno anakwiya, komabe ndi manja ake omwe anandandalika nsapatozo pashelefu, zofiira ndi zoyera, zokongola ngati sizikunama.

Masana kunabwera a Namwino, kasitomala wakalekale. Mayiwa ankaima tsiku lonse m'wodi ndi bondo lovuta, ndiye soli yofewa kwa iwo sinali nkhani ya fasho. Anatola yoyera pashelefu yatsopano ija.

"A Mphuno, tanunkhizani. Ine zolembalemba za palilimezi sindizidziwa, ndimangodalira inu."

Alamu aja anachoka pakauntala n'kukaima pakhomo, akuseweretsa makiyi. Pamakiyipo panali ya shopu, ya galimoto, ndi ya kachipinda kaja. Ya kachipindayo Mphuno ankaidziwa ndi kulira kwake.

Analowetsa mphuno. Guluu anamulasa mpaka misozi. Anakhalitsa momwemo, chifukwa m'nsapato ndi mokhamo momwe munalibe womuyang'ana. Akati ndi yabwino, bondo la mayiwa lidzamutukwana mwezi usanathe. Akati ndi yafeki, madzulo omwewo chikwama chake chikhala panja pa geti. Makiyi ankangolira.

Anatulutsa nkhope.

"Pepani mayi, ndili ndi chimfine. Lero sindikumva chilichonse."

A Namwino anamuyang'ana mphuno youma gwa ija. Munthu woti chimfine amachiona tsiku ndi tsiku! Anayang'ananso bambo wa pakhomoyo, n'kubweza nsapato pashelefu mwaulemu.

"Mukachira ndidzabweranso," anatero, n'kutuluka akutsimphina pang'ono.

Nthawi yoweruka itakwana, alamu anatseka shopu okha, n'kuliza galimoto osamuitana, ndipo Mphuno anabwerera wapansi.

Atangokhala pabedi, chitseko chinagogodedwa. Anali achemwali ake, atanyamula kapu ya madzi otentha a mandimu. Maso awo anali ofiira, ndipo sanafune kukhala pansi.

"Ndamva kuti mukudwala, achimwene."

"Achemwali, inunso? Mukudziwa kuti sindikudwala. Nsapato zija ndi..."

"Ndikudziwa." Anatsitsa mawu, akuyang'ana kunyumba yaikulu. "Alamu anu anena kuti katundu wanu ndi wanga akhoza kukwana m'galimoto imodzi. Akuti ndine ndinakubweretsani pano. Nanga ana ndipita nawo kuti?"

Mphuno anafuna kukalipa, koma akalipire ndani? Mayi uyu ndi amene ankamubereka kumsana ali khanda, ndi amenenso anagwada kumupemphera kachipindaka.

Achemwaliwo anamugwiritsa kapu ija ndi manja awiri.

"Imwani. Chonde achimwene, mawa mudzuke mutachira."

Nthunzi inakwera kumaso kwake. Mphuno yakeyo inamva zonse bwinobwino: mandimu, sopo wa m'manja mwa achemwali ake, ndi guluu uja, amene anali asanachokebe kuzala zake. Anamwa mpaka kapu kuuma, achemwali ake ataima pomwepo kudikira.