Makina Osokera a Mayi

Pokanganirana katundu wa malemu mayi awo, telala wina ndi achimwene ake anafika pogawana ngakhale makina osokera. Telalayo anatenga mutu wa makinawo, achimwene anatenga thebulo lopondera, aliyense pofuna kukhaulitsa mnzake. Kuyambira pamenepo sanalankhulanenso.

Mutuwo unangokhala pansi pa bedi, ukuchita dzimbiri. Telala akaugunda ndi tsache posesa, mkwiyo unkadzuka ndithu, koma zaka zitapita unayamba kudzuka mwaulesi. Anali atatopa nawo.

Tsiku lina achimwene anatulukira akukankha wilibala, thebulo lija lili pamwamba, thukuta lili kamukamu.

"Likungonditsekera njira m'nyumba," anatero osamuyang'ana.

"Ndiye mwati lidzatsekere ine?"

Komabe telala anagwada n'kukoka mutu uja pansi pa bedi. Awiriwo anaumangirira pathebulo, wina akugwira, wina akuthira mafuta. Telala ataponda, makinawo analira monga ankalirira m'mawa uliwonse iwo ali ana. Achimwene anakhala pansi pakhomo n'kuzolika.

Apa m'pamene telala anaona kuti kolala yawo inali yong'ambika.

"Vulani shatiyo," anatero. "Mayi akanakuonani chonchi, akanakalipira ine."